Aspirini wa Atate

Kampani yomwe atate ankagwirako ntchito itagulitsidwa, iwo anachotsedwa, ndipo anayamba kugulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa ku Matero. Ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndikuthandiza amayi pakhomo.

Tsiku lina m'mawa atate akupachika majekete, dzanja lawo lamanja linangolefuka, pakamwa n'kupotoka, mawu osamveka. Uthenga utafika kunyumba tinathamanga, koma tinawapeza ali bwinobwino, akukangana ndi munthu yemwe ankati jekete yamuthina.

Amayi anawakokera kukiliniki. Adokotala atawapima anati, “Batate, iyi ni sitiroko ing'ono. Ikulu ingabwere mawa olo mwezi wamawa. Lekani fodya, chepetsani mchere, imwani mankhwala masiku onse.” Anawapatsa aspirini, mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndi kalata yoti apite nayo kuchipatala chachikulu.

Tisanatuluke n'komwe pageti, atate anayamba kudandaula. “Munthu nadwala sitiroko, banipatsa aspirini? Ya mutu? Olo kunibaya nyeleti imodzi kulibe!”

Komabe malangizo anawatsatira, m'njira yawoyawo. Fodya anasiya kugula, ankangopempha kwa anzawo. Mchere anasiya kuthira okha, ankauza ine kuti ndiwathirire. Kalata ija anaiika m'Baibulo kuti isadetsedwe. Mapiritsi a magazi anamwa masiku anayi, n'kunena kuti akuwakodzetsa pamaso pa makasitomala. Aspirini yekha ndiye anagwira ntchito. Masiku amenewo mankhwala ankasowa, choncho aliyense womva mutu kapena dzino mumzere wathu ankabwera kwathu, atate n'kumugawira awiriawiri, ndi malangizo pamwamba.

“Bamuna banga, mankhwala aja ni yanu,” amayi ankatero.

“Nachira kudala. Siunione?”

Sabata yachitatu, tikuchokera kutchalitchi, anagwa pakhomo akuvula nsapato. Ulendo uno dzanja silinabwerere, mwendonso. Anagona kuchipatala chachikulu mwezi wathunthu, ndipo nyeleti anabayidwa zambiri.

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Amayi ndiwo anatenga salaula, ine n'kumawasamala. Pa mawu onse amene atate anali nawo, anatsala ndi amodzi okha: “chabwino.” Ndikawapatsa ndiwo zopanda mchere, chabwino. Mapiritsi, chabwino. Poyamba ndinkapita kuseri kwa nyumba kukalira. Amayi okha ndiwo ankatha kusekako. Ankawapukuta pakamwa n'kumati, “Zaka makumi atatu nayembekeza kuti munivomereko.”