Mipando Khumi ndi Isanu ya a Kondakitala

Anthu a pamdadada uja amawatchabe a Kondakitala, ngakhale papita zaka zisanu ndi chimodzi bondo litawatsitsa m'minibasi. Zaka makumi awiri anakhala akulendewera pachitseko, ndipo ankadzitama kuti sanasiyepo munthu pasiteji. Mpando wa anthu atatu ankakhazikapo anayi, wachisanu pamiyendo. "Tasunthani pang'ono mayi, malo alipo," ndiyo inali nyimbo yawo.

Mwana wawo wachisamba atamaliza maphunziro a unamwino, mlamu wawo anawagulira rauta, kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri, kuti mtsikanayo azifunsira ntchito pa intaneti. Anaiika pamwamba pa kabati, pafupi ndi zenera. Sabata isanathe, pasiwedi inali itafika kwa telala, kwa wometa, kwa mayi wamasiye wa khomo lachitatu ndi kwa alendo awo. Aliyense akabwera akusisita m'manja, a Kondakitala ankangoti, "Malo alipo."

Mwa makalata makumi anayi ndi awiri amene mtsikanayo anatumiza, inayankhidwa imodzi yokha. Chipatala china chakutali chinati chimufunsa mafunso pa laputopu Lachinayi, 2 koloko masana. Akachedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu, mwayi upita kwa wina.

Tsikulo, nthawi ili hafu pasiti 1, mtsikanayo anakhala patebulo atavala bulauzi yosita, nsapato zomwe, ngakhale palibe akanaziona. Laputopu inkaiona netiweki, koma inkangozungulira osalowa.

"Bambo, ikukana."

"Ikukana bwanji? Tinyali tonse tayaka ito." Kuseri kwa khoma, nyimbo za wometa zinkalira bwinobwino pa intaneti yomweyo.

A Kondakitala anazula waya wa rauta, kuwerenga mpaka khumi, n'kulumikizanso. Anatero katatu. Anapukuta tinyanga ndi malaya, kuuzira mpweya m'tizibowo. Anathamangira kwa telala kukabwereka foni yokhala ndi bandulo ya intaneti, koma pamdadada ponse panalibe wogula bandulo chibwerereni rauta. Kenako anatsimphina mpaka pamphambano, kwa mayi wokonza mafoni. Anawapeza atamasula foni ya kasitomala, tizitsulo tili mbwee patebulo. Pomafika nawo kunyumba, 2 koloko inali itapitirira ndi mphindi khumi ndi ziwiri.

Mayiwo anatenga foni ya a Kondakitala, kulowa m'kati mwa rauta, n'kuwaonetsa mndandanda wa mayina.

"Werengani, achimwene."

"Khumi ndi asanu."

"Rauta imapatsa foni kapena kompyuta iliyonse nambala yakeyake, ngati mpando. Amene anakuikirani anatsegula mipando khumi ndi isanu. Yonse yadzaza. Laputopu ya mwanayu yangoima pasiteji."

"Komatu ndimazimitsa!"

"Mukayatsanso, mafoni amakwerera pawindo. Gogo wa laputopuyu akamadzuka, basi yanyamuka kale."

"Ndiye singangowathithika pang'ono?"

"Si minibasi iyi, a Kondakitala. Kukhazika pamiyendo siikudziwa."

A Kondakitala anayang'anitsitsa mndandandawo. Panali foni ya wometa, ya mkazi wake, ziwiri za telala, ndi mayina ena osadziwa n'komwe eni ake. Pamwamba penipeni, mpando wakutsogolo, panali foni yawo yomwe.

Mayiwo anawonjezera mipando kufika makumi asanu. Laputopu inalowa nthawi yomweyo, mopanda manyazi. Wotchi inkati 2 koloko yapitirira ndi mphindi makumi awiri ndi imodzi. Mtsikanayo anadina pamene a chipatala anamuuza kuti adine, ndipo panatuluka mzere umodzi wonena kuti msonkhano watsekedwa. Anaimba nambala ya pakalata paja kasanu, osayankhidwa. Kachisanu ndi chimodzi munthu wina anati ayang'ane nyuzipepala chaka chamawa.

Sanalire. Anavula nsapato, n'kukapachika bulauzi kuseri kwa chitseko. "Palibe kanthu, bambo," anatero, ndipo mawuwo anawalasa kuposa chipongwe chilichonse chimene anamvapo pamsewu.

A Kondakitala anakhala pakhonde atatambasula mwendo wodwalawo. Pa moyo wawo wonse anali atasiya munthu mmodzi yekha pasiteji, ndipo anali wamagazi awo.

Posakhalitsa wometa anatulukira akuseka, lumo lili m'thumba, kumbuyo kwake kuli munthu wachilendo atagwira foni.

"Akuluakulu, mlamu wanga uyu, wabwera kudzacheza sabata ziwiri. Malo alipo?"

A Kondakitala anayang'ana chitseko chotseka cha mwana wawo.

"Alipo," anatero chapansipansi. "Pano ndiye alipo ambiri."