Chitseko cha a Milimita

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anagwira ntchito kunjanji zaka makumi atatu osathyoka chikhadabo n'chimodzi chomwe. Tonse tinali pamalo amodzi, kushedi yokonzera mabogi onyamula katundu. Ine ndinali pansi, ndi sipanala ndi moto wowotcherera zitsulo. Iwo anali m'chipinda cham'mwamba, cha windo lalikulu, momwe ankatisuzumira ife tikukwawa kunsi kwa mabogi ngati abuluzi.

Dzina loti a Milimita tinawapatsa ndife. Ukawafunsa kuti bawuti iyi ilowe pati, sankaloza ndi chala ngati anthu onse. Ankatulutsa kachitsulo koyezera m'thumba la malaya, n'kukapukuta kaye ndi mpango, kenaka n'kunena kuti, "Sunthani mamilimita atatu." Dzinalo atalimva, m'malo mochita manyazi analikonda, mpaka ankadzitchula okha.

Anali oyamba kubadwa m'nyumba ya ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mlonda wa pageti la shedi yomweyo. Sukulu yonse ya m'nyumbamo inathera pa iwo, alongo awo anasiyira panjira kuti achimwene apite patsogolo, ndipo mkazi wanga mpaka lero akamva mawu awo pakhomo amadzambatuka ngati walowa bwana. Zomwe anaphunzira n'zojambula mapulani, osati uinjiniya, koma pansi pa kalata ankalemba kuti injiniya, ndipo palibe anawafunsapo pepala. Kujambula kokha ankatha, ndisaname. Mizere yawo inali yowongoka, manambala ngati osindikiza. Zaka makumi awiri ntchito yawo inali kukopera mapulani akale omwe anayamba kung'ambika. Kenaka tsiku lina anaganiza kuti nawonso ali ndi nzeru zawozawo, ndipo tsoka linagwera chitseko.

Chitseko chakale cha bogi chilibe nzeru zambiri, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Ndi chitsulo cholemera, chopachikidwa pa timawilo tiwiri toyenda pa kanjanji ka pamwamba. Pansi pali kangalande kochigwira kuti chisapeperuke. Potseka mumagwetsa mpiringidzo, n'kulowetsa chikhomo, basi. Chikachita makani, amuna awiri amachikankha ndi mapewa, wachitatu n'kuchipatsa nyundo imodzi, chimamva.

A Milimita ankati zimenezo n'zachikale. "Nyundo si chida, alamu," ankatero. "Nyundo ndi umboni woti munthu walephera kuganiza."

Chitseko chawo chinali choti munthu mmodzi atsegule ndi dzanja limodzi. Panja anaika gudumu longa chiwongolero cha galimoto. Kuseri kwa gudumulo kunali kabokosi ka magiya atatu ndi tcheni. Ukazunguza, zikhomo zinayi zinkasololoka m'mabowo ake, kenaka tcheni n'kukoka chitseko. Papepala zinali zokongola, ungazipachike pakhoma. Koma nditaona manambala, mpata wa chikhomo m'bowo anausiya mamilimita awiri okha.

Ndinakwera masitepe kupita m'chipinda chawo, nditavula ndi nsapato za girizi kuti ndisadetse pansi.

"Alamu," ndinatero, "bogi yopanda kanthu ndi bogi yodzaza si nyama imodzi. Mukalongamo matumba a simenti mpaka kudenga, msana wake umagwa pang'ono. Mabowo anuwa asuntha, zikhomo zipanika. Siyani mpata wokwana chala."

Sanadzutse n'komwe mutu. Ankasongola pensulo.

"Chala cha ndani? Chanucho?" Anayang'ana chala changa chachikulu chomwe nyundo inachiphwatalalitsa kalekale, n'kuseka. "Inu wotcherani pomwe ndalemba. Kuganiza tisiyireni ife."

"Nanga kabokosi aka fumbi likalowamo?"

"Kali ndi chivundikiro. Tsekani chitseko potuluka."

Tsiku loonetsa anakonza bogi imodzi, yopanda kanthu, yopakidwa penti dzulo lake, girizi mpaka kudontha, itaima pansi posalala m'kati mwa shedi. Mabwana anabwera atatu. A Milimita anaitana mayi wolemba makalata wa muofesi, wochepa thupi, kuti azunguze gudumu. Chitseko chinayenda chokha, mwakachetechete, mabwana n'kuwomba m'manja. Wamkulu wawo anati apange mabogi khumi ndi awiri. Onsewo ndinawotcherera ndine. Ndinkadziwa, koma ndinati mutu ukakula sulewa nkhonya, aone okha. Apo ndiye pomwe nane ndinali chitsiru, chifukwa nkhonyayo sinagwere iwo.

Mvula yoyamba itagwa, mabogi anayi a simenti anafika kumalo otsitsira katundu, ndipo palibe chitseko chinatseguka. Zikhomo zinali zitapanika monga ndinanenera. Fumbi la simenti linali litalowa m'tibokosi, chivundikiro chili pomwepo, n'kukumana ndi madzi. Magiya atatu aja anali atasanduka mwala umodzi. Magalimoto anali atandandalika kudikira, kapitawo akukalipa. Pa onyamula katundu panali bambo wina wamphamvu, tinkamutcha Njovu, wa ana asanu. Iye analowetsa paipi m'gudumu kuti apeze mphamvu, n'kulemerera ndi thupi lonse. Tcheni inaduka m'kati, gudumu linabwerera, ndipo paipi inamukanikizira dzanja pachitsulo. Zala zitatu zinatsala pomwepo.

Ife a kushedi tinaitanidwa ndi zida zathu. A Milimita anabwera pambuyo, mu jekete loyera, ambulera ili m'manja. Njovu anali atakhala pa thumba, dzanja atalikulunga ndi malaya, akudikira galimoto yakuchipatala. Alamu anga anamudutsa ngati akudutsa chitsa, n'kupita pachitseko, n'kugwira gudumu.

"Ndani wapinda ichi?" anafunsa.

Mmodzi wa onyamula katundu analavula pansi, pafupi kwambiri ndi nsapato zawo. Zitseko zinayizo tinazidula ndi moto, ntchito ya tsiku lathunthu, mvula ikutithira.

Lipoti lawo linali la masamba asanu ndi limodzi, lolembedwa bwino zedi. Linkati chitseko chilibe vuto, vuto ndi anthu osaphunzira omwe amagwiritsa ntchito mphamvu pamalo pofunika nzeru. Linkapempha kuti Njovu alangidwe chifukwa chowononga katundu.

Mabwana anaitanitsa msonkhano wofufuza, ndipo dzina langa linali pa mboni. M'mawa wa tsikulo mkazi wanga anandiimirira pakhomo.

"Bambo a ana, mukangoti simukudziwa. Ndi achimwene anga."

"Nanga Njovu uja alibe mlongo?"

"Mukufuna mayi amve kuti mkamwini wawo ndiye wachotsetsa mwana wawo ntchito?"

Ndinamulambalala n'kumapita. Kumsonkhano ndinanena zonse: za mpata, za fumbi, za tsiku lomwe ndinakwera masitepe, ndi zoti ndinawotcherera ndikudziwa. A Milimita anamvetsera akumwetulira, kenaka anauza mabwanawo kuti awa ndi alamu awo, ndipo m'banja simulephera kukhala kaduka pakati pa wophunzira ndi wosaphunzira.

Sanachotsedwe ntchito. Akanawalanga bwanji anthu omwe anawomba m'manja? Zitseko zonse khumi ndi ziwiri zinachotsedwa mwakachetechete, n'kubwezeretsa zakale, mpiringidzo ndi chikhomo, ndipo wowotcherera ndinali ine ndemwe. Njovu sanamulange, anamupatsa tsache kuti azisesa pabwalo. A Milimita anawasamutsira kuchipinda china, chokulirapo, kuti aziphunzitsa antchito atsopano za kupewa ngozi. Zaka zisanu ndi zinayi anaima kutsogolo kwa bolodi akuuza anthu kuti asamalowetse paipi m'gudumu. Ena mwa ophunzirawo ankabwera kwa ine kudzafunsa kuti gudumu lake ndi liti, poti pabogi iliyonse sanalione.

Kunyumba, mkazi wanga anakhala mwezi akundiikira chakudya patebulo osayankhula. Apongozi anamwalira asanandipatsenso moni wa dzanja.

Atapuma ntchito, alamu anga anapanga kachitseko kamatabwa, kofanana ndendende ndi kaja, kokhala ndi kagudumu kake ndi katcheni ka njinga. Anakaika pabalaza, pamwamba pa kabati. Mlendo aliyense, ngakhale wobwera kudzawerenga mita ya madzi, ankayenera kuzunguza kagudumuko asanapatsidwe mpando. "Mwaona?" ankatero. "Chimagwira ntchito. Dziko lino limadana ndi anthu oganiza." Kankatsegukadi bwino. Sikananyamulepo thumba.

Chaka chatha anadwala, mbali imodzi ya thupi inafooka. Mkazi wanga anati ndikapanda kupita kukawaona, ndiye kuti ine si munthu. Ndinapita. Ndinawapeza pampando pakhonde, ataonda, pakamwa patapotoka pang'ono. Chifundo chinandigwira, ndisabise. Ndinaganiza kuti mwina pano anena mawu amodzi okhudza Njovu. Anatuma akazi awo kuti atenge chinthu kuchipinda. Anabwera ndi mapepala okulungidwa, omangidwa ndi ulusi.

"Ndakonza, alamu," anatero movutikira. "Magiya tsopano ndi asanu. Mukapereke kwa akuluakulu, inu muli ndi miyendo."

Ndinamasula n'kuyang'ana. Mizere tsopano inali yokhotakhota, koma dzina pansi linali lalikulu kuposa kale.

"Mwalemba kuti ayese bogi itadzaza?" ndinafunsa.

"Zimenezo n'za onyamula katundu," anatero.

Ndinawatsanzika mwaulemu, monga mlamu. Mapepalawo ndinabwera nawo kunyumba n'kuwaponya pamwamba pa kabati ya zovala. Patatha milungu itatu mkazi wanga anawatsitsa, n'kuwafunyulula, n'kuyang'anitsitsa kwa nthawi. Anatenga sizasi, n'kuwadula bwinobwino, n'kuyala pa mashelefu a kukhitchini, poika mapoto.