Chesinati wa M'mwezi wa Julaye

Kamtengo kaja ndidakali nako. Kutalika kwake n'ngati chala chamkombaphala, mbali imodzi n'kosongoka, ndipo kumsana kwake kudakali kakhungwa kakuda. Anthu a ku Japan amadulira maswiti awo ofewa ndi timitengo totere. Kale ukakanunkhiza kankamveka ngati tsamba la ndimu, koma lero kamangonunkha chikwama. Ndimakasunga m'kathumba momwe muli pasipoti ya mwana wanga, ndipo sindinama kuti zinangochitika mwangozi.

Ndinene poyamba pomwe. Chaka chimene ndinkamaliza pulayimale ku Leicester, amayi ananditengera ku Malawi kuti tikaone abale pa holide, n'kundisiya komweko. Sanandiuze, sananditsanzike. Koma lero sindikulemba za kusiyidwako. Ndikulemba za miyezi imene inatsogola, miyezi yokoma kuposa ina yonse ya ubwana wanga. Ikanakhala yowawa bwenzi nditaiiwala.

Tinkakhala awiriwiri ku Highfields, dera lina la mu Leicester, m'chipinda chapamwamba m'nyumba ina ya njerwa zofiira. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mashifiti awo anali ataliatali moti ndinkawadziwa kwambiri ndi fungo: sopo wa kuntchito m'manja mwawo, ndi mafuta opaka miyendo ikatupa. Kudya kunja sinali nkhani yathu. "Kumeneko umalipira mpando, osati chakudya," ankatero. Ndiye Loweruka lina mu Epulo atati, "Vala jekete, tikadye m'tauni," ndinawayang'anitsitsa kumaso, kuganiza kuti mwina kwagwa maliro.

Kafe yake inali m'kanjira kena kuseri kwa msika, yaing'ono, matebulo ochepa, mawindo ochita nkhungu ndi nthunzi. Mwini wake anali mayi wachijapani wa imvi zometa mwachidule ndi epuloni ya buluu. Tinapatsidwa msuzi wotentha m'kambale kopanda supuni. Amayi anapsontha, kenako anandinong'oneza, "Iwe, muli usipa umu." Mulibe, koma fungo lake linali la kumeneko ndithu. Kunabwera mibulu ya mpunga ya makona atatu yokulunga m'kachitsamba kakuda ka m'nyanja, ndipo amayi ataona anthu a patebulo lina akuidya ndi manja, anaika pambali timitengo todyera timene anatipatsa m'malo mwa supuni. "Awa ndi anthu," anatero. Ine ndinadya mpunga wa msuzi wokhuthala ngati phala, ndi nkhuku yokazinga m'zinyenyeswa za buledi. Mpaka lero ndikamva fungo la msuzi umenewo, ndimaulakalaka koma sinditha kuudya.

Pomaliza mayi uja anatibweretsera kaswiti kapinki kofewa, kokulunga m'tsamba, pambali pake pali kamtengo kodulira. Ndinayamba kusenda tsambalo. Iye anapukusa mutu kuti ndidyere kumodzi. Tsamba linali la mchere, mpunga womatamata, ndipo m'kati munali nyemba. Nyemba zothira shuga! Amayi anaseka mpaka kutsamwa, misozi ili chuchuchu. Ndinali ndisanawaonepo akuseka ndi thupi lonse chonchija. Panthawiyo ndinkati ndi misozi ya kuseka.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali lathu. Amayi ankasinthana shifiti ndi anzawo kuti apezeke. Ine ndinkaganiza kuti tsopano andiona.

Mayi wa pakafepo anali ndi lamulo lake. Maswiti ankayendera nyengo. M'kabati yake yagalasi simunkakhala mitundu yambiri, ndipo ina ikatha nyengo yake, yatha basi, ngakhale ulire. Kapinki kaja kanangosowa maluwa a m'mitengo atayoyoka. Mu Meyi kunabwera koyera kokulunga m'tsamba lalikulu lokhakhala. Ine, pofuna kuonetsa kuti ndaphunzira, ndinaluma ndi tsamba lomwe. Kuwawa kwake! Mayi uja anabisa pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedera. Limenelo silidyedwa, anati, n'longopereka fungo.

Pakhoma panali zithunzi za maswiti a chaka chonse, ndipo maso anga anakakamira pa kamodzi kachikasu, kopotokola pamwamba ngati kofinyidwa m'kansalu. Anandiuza kuti n'ka chesinati, mtedza waukulu uja umagwa m'mitengo masamba akayamba kufiira. Sabata iliyonse ndinkakapempha. Sabata iliyonse yankho linali limodzi: "Sinafike nthawi yake." Tsiku lina ndinamuuza mwamatama kuti ndaona chesinati wa m'botolo m'shopu ina, angogula ameneyo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Wa m'botolo amakoma botolo," anatero.

Amayi anandisisita kumsana. "Usadandaule. Tidzabwera. Okutobala si kutali."

Mawu amenewo ndawatembenuza m'mutu kambirimbiri. Munthu amatha bwanji kunena zimenezo mawu osanjenjemera? Ine mwana wanga akandiyang'ana m'maso, ngakhale kumunamiza kuti bisiketi zatha ndimalephera.

Munali m'kafe momwemo mmene anandiuza za ulendo. Anatsitsa mawu, ngakhale panalibe wina womva Chichewa. "Tikupita kumudzi sukulu ikatsekera. Koma za ulendo sitiuza anthu, wamva? Si onse amene amakusekerera amakufunira zabwino." Ndinamva kukula. Ine ndi amayi tinali ndi chinsinsi, dziko lonse lili kunja. Kutchalitchi azimayi anayamba kundikoka masaya kuposa kale. Wina anandipatsa thaulo latsopano popanda chifukwa. Wina anandigwira mapewa nati, "Wakulatu iwe. Uzikhala womvera." Ine mumtima ndinkawaseka kuti sakudziwa kanthu. Ndisaname, izi ndi zimene zimandiwotcha kwambiri. Onse aja ankadziwa. Chinsinsi ndinkachisunga ndekha, kuchibisa kwa anthu amene anali atandipempherera kale. Ndipo pano ndimamvetsa chifukwa chake amayi anasankha kafe yachijapani mu Leicester monse. Anali malo okhawo kumene sikukanatulukira Mmalawi n'kundiuza kuti ndikafike bwino.

Mu Juni kunabwera amalume, mchimwene wawo wa amayi. Ankagwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu m'tauni ya Corby, ndipo ndinkamva kuti atopa, akufuna kubwerera kwawo. Analowa m'kafe muja ngati alowa m'chipatala. Mipando inawachepera. Atalawa maswiti a nyemba anaika pansi kamtengo mwaulemu kwambiri.

"Achemwali, nyemba ndi ndiwo. Anthu awa anawalakwira ndani?"

Tinaseka tonse. Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga mzungu wathuyu, nyemba zenizeni amadya? Zovala amachapa yekha? Tandipatsa moni wa kwathu ndimve." Ndinawapatsa moni wokhotakhota, lilime lolemera ndi Chingerezi. Iwo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana m'kapu ya tiyi wobiriwira. "Aphunzira," amalume anatero. "Ana sachedwa." Ine ndinkati akundicheza. Ankandiyeza ngati mbuzi ya pamsika, kuona ngati ndingapirire.

Aphunzitsi nawonso ankadziwa. Kunali tsiku limene ana onse a kalasi yathu anapita kukaona masekondale awo atsopano. Ine dzina langa silinatchulidwe. Ndinakweza dzanja. Aphunzitsi anabwera pafupi, anandiweramira ndi kafungo kawo ka khofi, nati za ine anakambirana kale ndi amayi, ndisade nkhawa, ndiwathandize kulongedza mabuku. Tsiku lonse tinali awiri m'kalasi yopanda anthu. Ndinawafotokozera za tsamba lodyedwa ndi tsamba losadyedwa, za chesinati wa mu Okutobala, ndipo ndinawalonjeza kuti ndidzawabweretsera kamodzi. Anati, "Zikomo, wokondedwa," akuyang'ana m'katoni. Nditafunsa amayi za yunifomu ya sekondale anati tidzagula tikabwerako, mwina nditalika.

Zotsatira zake n'zachidule. Tinafikira kwa amalume ku Chilomoni, iwo atatsogola kale. Holide itatsala pang'ono kutha, m'mawa wina amayi anavala bwino nati akupita ku Limbe kukagula zitenje zopatsa anzawo a kuntchito. Ndinati nditsagane nawo. "Ayi, m'minibasi mumadzaza. Ndibwera." Dzuwa litafika pamutu amalume anandiitana pakhonde. Sanazungulire. "Mayi ako pano ali m'mwamba, m'ndege. Sukulu uyambira konkuno." Ndinathamangira kuchipinda. Chikwama chawo kunalibe, pasipoti yanga inapita nawo. Pansi penipeni pa sutikesi yanga ndinapeza nsapato zakuda zatsopano, zazikulu pang'ono, zoti ndikuliremo. Anaganizira zonse amayi. Ngakhale mapazi anga a chaka chamawa anawaganizira.

Chichewa ndikulembachi ndinachiphunzira kumeneko, ndi misozi. Nyemba zenizeni ndinadya mpaka kuzolowera.

Ndinabwerera ku Leicester nditamaliza Fomu 4. Kafe ija ndinapeza inasanduka malo opentera zikhadabo. Chifukwa chake cha zonsezi ndinachimva pang'onopang'ono: amayi anali atapeza ntchito yogonera kunyumba kwa nkhalamba ina kunja kwa tauni, masabata osabwera, kumene mwana saloledwa. "Ndikanakusiya ndi ndani?" amandifunsa. Ndimawauza kuti funso langa si limenelo. Funso langa n'lakuti analekeranji kundiuza. Tsiku lina anayankha. "Ukanalira."

"Ndinalira, amayi. Kungoti inu simunamve."

Pano ndili ndi sitifiketi ya kasamalidwe ka ana, ndipo ndimagwira ntchito ku nasale. Ku koleji anatiphunzitsa kuti kholo lisamazembe mwana pomusiya, limutsanzike ngakhale alire, chifukwa mwana wozembedwa amasiya kusewera, amangolondera chitseko. Anzanga ankalemba m'makope. Ine ndinatuluka kupita kuchimbudzi. Ndili ndi kamtsikana kangoyamba kumene kuyenda, ndipo ndimakatsanzika ngakhale popita kukataya zinyalala panja. Bambo ake amati ndikuwonjeza. Mwina. Amayi amakakonda kwambiri, sindingawanamizire. Masiku apitawa anati, "Bwanji Loweruka ndizimutengako, tizikadya kenakake m'tauni, iwe upumeko?" Ndinati ndiganiza. Atangotuluka ndinakatsegula kathumba kaja, kuona ngati pasipoti ilimo. Ndi mayi anga enieni, ndipo ndinachita zimenezo. Mpaka lero sindinawayankhe.

Loweruka lomaliza ndalisiya dala kumapeto.

Kunali kotentha, chitseko cha kafe chili chotsegula, ndipo m'kabati yagalasi munali maswiti a nyengo yotentha, oonekera mbee ngati madzi oundana. Tinadya monga mwa masiku onse, koma amayi anangogwiragwira mpunga wawo. Mayi wachijapani uja tsiku limenelo sanaseke nawo, sanawayang'ane n'komwe. Titamaliza anatuluka kuseri kwa kauntala, chinthu chimene sankachita, atanyamula kambale ndi manja awiri. Anakaika patsogolo panga. Pakambalepo panali kaswiti kachikasu, kopotokola pamwamba, chimodzimodzi pachithunzi paja.

Patapita zaka amayi anavomera kuti anamupempha ndi iwo. Anapitako okha m'kati mwa sabata, namuuza zonse. Ndiye kuti ngakhale iyeyo ankadziwa. Masiku ena ndimamukwiyira ngati ena onse aja, poti akanatha kungonena mawu amodzi. Masiku ena ndimaona kuti mwa anthu onse a nyengo imeneyo, ndi iye yekha amene nkhope yake inakana kunama.

Koma tsiku limenelo ine ndinakuwa ndi chimwemwe. Ndinadula ndi kamtengo kaja. Kankakoma ngati mbatata yowotcha yosalala bwino, kosungunuka palilime, ndipo kumapeto kwake kunali kakomedwe kena ka madzi a shuga, ka m'botolo. Amayi anaimirira nati akupita kukasamba m'manja, ndipo anachedwako.

"Mwagonja!" ndinamuuza mayi uja, pakamwa pali podzaza. "Nthawi yake yafika?"

"Ayi," anatero. "Sinafike."

Anatenga kamtengoko, anakapukuta bwinobwino ndi epuloni, anakakulunga m'kapepala n'kundifumbatitsa. Dzanja lake linakhalitsa pa langa. Ndinamuuza kuti asaganize kuti wathana nane, mu Okutobala ndidzabwera kudzadya weniweni. Anawerama monga ankachitira potsanzika makasitomala, koma ulendo uno anachedwa kuweramuka.

M'basi yobwerera ku Highfields amayi anakhala cha kuwindo, nkhope atalozetsa kunja. Ine ndinkagwedeza miyendo, kamtengo kali m'thumba, ndikuwerengera anzanga amene ndidzawauze sukulu ikatsegulira. Ndinkaona kuti ndine mwana wamwayi kuposa onse mu Leicester, woti anthu akuluakulu amaphwanya malamulo awo chifukwa cha iye.