Phulusa la Chinkhanira

Achimwene anga amacheka matabwa m'nkhalango ina ya mvula yosakata, kumene zinkhanira zimabisala m'makungwa ndi m'jombo. Anzawo anawapatsa dzina loti a Dokotala. Munthu akalumidwa, iwo ankasaka chinkhanira chomwecho, n'kuchiwotcha, n'kupaka phulusa lake pabalapo. Azibambo aja ankabuula tsiku lonse, mawa n'kudzuka bwinobwino, achimwene n'kumayenda chifuwa patsogolo. Ine ndinkawauza kuti ululuwo umatha wokha, koma mlongo wamng'ono amamumvera ndani?

M'mawa wina mwana wawo wamkazi, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, anapisa dzanja m'mulu wa matabwa kuseri kwa nyumba. Anakuwa. Chinkhanira chinathawa.

"Tiyeni naye kuchipatala," anatero alamu anga.

"Dikira, ndichipeze kaye," anayankha achimwene.

Anagwetsa mulu wonse, thabwa ndi thabwa. M'nyumba mwana anali thukuta kamukamu, dovu lili chuchuchu, kusanza, maso akungoyendayenda. Nditafika ndinawapeza atagwada m'matope, botolo lili m'manja, chinkhanira chili m'katimo. Ndinawalalatira mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinabereka mwana, iwo n'kumatitsatira pambuyo.

Kuchipatala namwino anatsuka chala, n'kubaya jakisoni wopha ululu. Atamvetsera pamtima, nkhope inasintha. Anamuika diripi ya mankhwala olimbana ndi poizoni, ndi kachubu ka mpweya m'mphuno.

"Walumidwa nthawi yanji?"

"M'mawa," anayankha achimwene.

"Nanga munali kuti, bambo?"

Anatulutsa botolo lija m'thumba. Namwino sanakalipe.

"Wamkulu amapirira. Kwa mwana poizoniyu amafika kumtima ndi m'mapapo. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi, ngati wosaka chinkhanirayo ndinali ine. Achimwene, chimunthu chonyamula chipika chokha, anasowa poika botolo.

Mawa lake mwana anatsegula maso.

"Adadi, munachipeza?"

"Ndinachipeza, mayi."

"Ndinkakuitanani, koma simunabwere."

Achimwene anatuluka panja, nakakhala pansi pafupi ndi mpope, chipewa kumaso.

Amachekabe matabwa mpaka lero. Wina akalumidwa amamukweza panjinga n'kuthamangira naye kuchipatala osafunsa kumene chinkhanira chalowera. Anzawo akawaitana a Dokotala, amayang'ana pansi n'kupitiriza kunola sowo.