Mawu Anga mu Kaseti

Kusukulu ya kwacha ku Bembeke, nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, aphunzitsi athu anabwera ndi wailesi ya kaseti. Ankati izitijambula mawu tikamawerenga a, e, i, kuti tizidzimva tokha. Ine osadziwa kuti ayatsa kale, ndinauza mnzanga kuti, "Akutidulitsa khadi la chipani ngakhale la mwana wa m'mimba. Mawa atidulitsa la mbuzi!"

Aphunzitsi atadina batani, mawu anga aja anatuluka, amayi onse m'kalasimo akumva.

"Amayi, ine sindinamve kanthu," anatero aphunzitsi akufufuta mawuwo.

Koma anzanga aja anali atamva. Galimoto ikangolira kumsewu, ndinkathawira m'munda wa mbatatesi poopa kuti abwera kudzandigwira. Kusukuluko sindinapondekonso, moti mpaka lero ndimadinda ndi chala.