Chimanga cha Anti Nabanda pa Phiri la Moto

Musavutike kufufuza, ndine ndinayambitsa. Ndine ndinauza Anti Nabanda kuti pamwamba pa phiri la moto pachilumba cha Tenerife anthu amawotcha chimanga pamiyala.

Amayi anga ndi anzawo akumpingo, manesi okhaokha a kuno ku Barking, kudziko la azungu, anakonza zokapuma kunyanja atatopa ndi mashifiti. Mtsogoleri wa ulendowo anali Anti Nabanda, munthu amene sanalakwepo chibadwire.

"Iwe Yamikani, tatifufuzira pafonipo zoti titenge."

Zambiri ndinanena zoona, ndipo nanunso gwirani. Mchenga wakumeneko ndi wakuda ngati makala, masana umawotcha mapazi. Miyala yake imacheka, masilipasi asiyeni kuhotela. Kuphiri lawirirani mitambo isanatseke.

"Nanga majekete?" anafunsa Anti.

"Jekete, Anti? Paphiri la moto?"

Anadziseka okha, n'kulengeza kugulu kuti aliyense asiye jekete. Chimanga anakagula kumsika wakomweko.

Pamwambapo anapeza mphepo yoposa ya m'chisanu cha Januwale pasiteshoni ya Barking. Azimayi m'madiresi opyapyala, mano gwedegwede, Anti atasanjika chimanga pamwala, akutembenuza. Alendo ena ankangojambula, poyesa ndi mwambo wakwathu. Pano kumpingo Antiwo akungowatchula kuti Mayi Chimanga, ndipo ulendo wa chaka chamawa akuti atsogolere wina.

Koma tiyeni tikambe, inu makolo. Tikati mutu ukuwawa, mumati bodza. Tikati aphunzitsi sanapereke homuweki, mumati bodza. Tikangogwira foni, basi tasanduka aneneri! Si inu nomwe mumatisimbira daily za kuzizira kwa pamwamba pa Mulanje? Ndiye phiri loposa Mulanje kutalika litenthe bwanji? Amati safunsa anadya phula. Nanga wofunsa mnyamata mmodzi yekha, amene akuluma milomo kubisa kuseka, amadya chiyani?

Atabwerako, amayi anandipititsa kwa Anti kukapepesa chogwada. Ndinagwada bwinobwino, kapeti yawo ndi yofewa. Foni amayi anandilanda, n'kuitsekera m'chikwama.

Titafika kunyumba, tisanadye n'komwe, ndinamva amayi akugogoda kuchipinda kwanga.

"Iwe, sitima yoyamba mawa ikunyamuka nthawi yanji?"

"Foni ndilibe, amayi."

Anaiponya pabedi, n'kuima kumbuyo kwanga kuti aziwerenga okha. Ndinawaonetsa nthawi, ndipo mwaulemu wonse ndinawonjeza kuti asaiwale jekete.