Mpando wanga unali kumanzere

Mwana wathu wamkazi atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndinatsimikiza kuti Amereka wandiwonongera mwana. Umboni unalipo. Tikakhala patebulo m'kanyumba kathu ka lendi ku Germantown, mayi ake akangonong'ona kuti "patse mchere," mcherewo unkafika asanatseke pakamwa. Ine ndikamuitana, zii. Tsiku lina ndinakuwa mpaka mzungu wa nyumba yoyandikana nafe anayankha kuseri kwa khoma. Ndikulumbira, anayankha, mwaulemunso.

Nkhaniyi ndinaitula kutchalitchi titaweruka. Mayi wina, amene ankasamalira okalamba limodzi ndi mkazi wanga, anapukusa mutu.

"Achimwene, matenda amenewa timawadziwa. Lero sakukuyankhani, mawa akuitanirani apolisi. Mutumizeni kumudzi akaphunzire mwambo."

Ndinaimbira mlongo wanga ku Zomba, ndipo anavomera kumulera zaka ziwiri. Sutikesi ndinagula, yaikulu yoti mwanayo akanatha kugonamo atatambasula miyendo. Mkazi wanga anasiya kundilankhula, moti patebulo paja anthu osandiyankha anakwana awiri.

Sukulu itatsegulira, mwana anabwera ndi kalata. Inkanena kuti ana a kalasi yake awayeza maso ndi makutu, ndipo makolo ake tikufunika kumsonkhano. Za makutuzo ndinangozidumpha. Ndinati basi, aphunzitsi nawonso atopa ndi mwano. Ndinavala suti ya paukwati, n'kukonza mawu opepesa.

M'chipindamo munali anthu ambiri moti ndinayesa tikusankha pulezidenti: mphunzitsi wake, namwino wa pasukulu, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndi mayi wina katswiri wa makutu wochokera ku likulu la sukulu za m'dera lathu. Ndisanayambe kupepesa, katswiri uja anatiyalira pepala la mizere iwiri. Anati mzere wapamwamba ndi khutu lakumanja, likumva bwino lomwe. Wapansiwo, umene unkatsetsereka ngati msewu wotsika phiri la Zomba, ndi lakumanzere, ndipo limamva pang'ono zedi.

Mkazi wanga anatembenuka, n'kundilankhula koyamba patatha milungu itatu.

"Bambo ake, inu patebulo paja mumakhala mbali iti ya mwanayu?"

Mpando wanga unali kumanzere kwake kuyambira tsiku limene anasiya kudyera pamiyendo, chifukwa ndi pamene TV imaoneka bwino.

"Ndikufunsatu. Kapena nanunso tikutumizeni ku Zomba?"

Manyazi anandigwira, koma chimene chinandidzadza kwambiri ndi mpumulo. Ndinapuma mpweya umene ndinausunga chaka chathunthu, mapepala a patebulo mpaka anauluka. Awiri okha, koma anauluka. Mwana wanga sankandinyoza. Sankandimva chabe.

Dokotala atatsimikiza, asukulu anachita zawo. Mwana anamusunthira kutsogolo m'kalasi, khutu labwino litaloza kwa mphunzitsi. Mphunzitsiyo anayamba kuvala kamaikolofoni pakhosi ngati m'busa wa pa TV, mawu n'kumapita molunjika m'kachipangizo kothandiza kumva kamene mwana ankavala kukhutu. Mlungu uliwonse kunkabweranso mayi womuthandiza katchulidwe ka mawu. Nditafunsa kuti tilipira bwanji, anati pali thumba la boma lothandizira ana otere. Ndinafunsa katatu, kuopa kuti nanenso khutu langa lina lafa.

Madzulo a tsiku la msonkhano lija ndinaimbira mlongo wanga kuti asakonzenso bedi. Kenaka ndinanyamula mpando wanga, n'kuzungulira nawo tebulo, kukauika kumanja. TV sinkaonekanso. Ndinaitana mwana motsitsa mawu.

Anatembenuka nthawi yomweyo.

"Yes, Daddy?"

M'Chingerezi, osagwada n'komwe, pakamwa pali mpunga. Ndinalandira ndi manja awiri.

Musutikesi muja timasungamo mabulangete a nyengo yozizira. Mayi ake, amene tsopano amakhala kumanzere kwa mwana, mchere amapempha kawiri mpaka lero, ndipo sindinawauzepo kuti mwana wawo ndi wamwano.